Anati Ndikhale Kumbuyo

Swala ya Isha, pemphero lomaliza la usiku, inali itatha kalekale, ndipo magolosale onse a pamsika wa pamsewu wa tala anali atatseka, pamene Latif anatuluka kuseri kwa mpanda wa galaja ya Che Shafi ndi kuyamba ulendo wobwerera kwawo ku Nkhudzi. Anali wapansi. Munthu amene ali ndi galimoto yake, koma n'kusankha kuyenda wapansi usiku wotere, dziwani kuti wanyamula chinthu mumtima chimene safuna kuti anthu achimve chikubwera. Pikiapu yake yabuluu inkadziwika kalilidwe kake kuyambira ku Monkey Bay mpaka ku Mangochi, moti ana ankaitchula isanatulukire. N'chifukwa chake anaisiya pabwalo la nyumba yake, kuti akabisale bwino pa mpanda wa Che Shafi ngati mbala.

M'dzanja lake anagwira zingwe ziwiri za waya, zatsopano, zokutidwa ndi mphira yakuda, chilichonse chili ndi mphete yachitsulo mbali zonse ziwiri. Zinali zingwe zogwirizira chitseko cha kumbuyo kwa pikiapu chikatsitsidwa. Ndi zinthu zazing'ono, zosaposa mkono kutalika kwake, koma ndi zomwe zinamusowetsa mtendere munthu wamkulu ameneyu.

Amene simunakwerepo matola a kunyanja, mverani. Kumeneko chitseko cha kumbuyo sichitsekedwa kawirikawiri. Chimatsitsidwa kuti chikhale ngati mpando woonjezera, ndipo pamakhala madengu a usipa, zidebe za chambo, ndi anthu atalendewetsa miyendo, akuyang'ana kumene achokera. Kulemera konseko kumagwidwa ndi zingwe ziwiri zija basi. Tsono madzi a nsomba, pamodzi ndi a ayezi amene ogulitsa amathiramo mchere kuti asasungunuke msanga, amayenderera tsiku ndi tsiku n'kulowa m'kati mwa mphira podzera pa kamng'alu kosaoneka. Akalowa satulukanso. Dzimbiri limadya waya mmodzimmodzi mwakachetechete, pamene kunja mphira ikunyezimira ngati yadzulo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Che Shafi, makaniko wa pamsikapo, anali atamuuza Latif kangapo kuti asinthe zingwezo, makamaka cha kumanja, chimene chinali chakale kuposa chinzake. Latif ankangoseka n'kunena kuti amakaniko onse ndi amodzi, amaona matenda pa galimoto yamoyo. Koma kuseka kunatha tsiku limene anaona Che Shafi ataimitsa Sumaiya, mkazi wa Latifyo, pamsika, akulankhula naye motsitsa mawu, nkhope ili yachisoni. Onse awiri kwawo kunali ku Katuli, ndipo ankaitanana kuti achimwene ndi chemwali monga achitira anthu a dera limodzi akakumana kutali ndi kwawo. Latif sanamve chimene ankakambirana. Sanafunsenso. Nsanje sifunsa, imadziyankha yokha, ndipo imakhulupirira yankho lake kuposa buku lopatulika.

Madzulo a tsiku limeneli, akukweza matumba a mpunga wa sadaka ya malemu apongozi ake, imene inali kudzachitika ku Katuli m'mawa mwake, anapeza zingwe zija mu dengu la mkazi wake, zitakulungidwa m'chitenje.

"Izi n'chiyani?"

"Ndi zingwe za chitseko cha galimoto yanu, bambo. Che Shafi akuti..."

"Che Shafi akuti! Che Shafi akuti! Kodi m'nyumba muno ayamba kulamula Che Shafi?"

"Akuti zakale zija zadyeka m'kati. Inu mumakana kuwamvera, ndiye apatsira ine. Sanalipiritse n'komwe."

"Sanalipiritse!" Latif anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Munthu amene amalipiritsa ngakhale mpweya wa m'tayala, lero wayamba kugawa zingwe zaulere? Walipira ndi chiyani iwe?"

Sumaiya anaika dzanja pamimba pake, pakuti anali woyembekezera, ndipo pakati pake panali pataonekera. "Opani Mulungu, bambo. Mawu amenewo mukuwanena mwana wanu akumva."

"Mwana wa yani?"

Mawu ena akatuluka m'kamwa sabwezeka, ngakhale munthu atawathamangira ndi galimoto. Sumaiya anangomuyang'ana mwamuna wake ngati mlendo amene wasochera khomo. Kuyang'ana kumeneko kunamupsetsa mtima Latif koposa, ndipo anapereka chigamulo chake.

"Mawa popita ku Katuli, kutsogolo sukhalako. Ukhala kumbuyo, pa chitseko chomwecho, pamodzi ndi matumba. Abale ako aone mmene ndakubweretsera. Ndipo tione ngati chingwecho chidzaduke monga wanenera shehe wako wa masipanalayo."

Kunyanja aliyense amadziwa kuti mpando wa kutsogolo, pambali pa dalaivala, ndi wa mkazi wa mwini galimoto. Kumutsitsa pamenepo n'kumukhazika pa chitseko, mpando uli wopanda munthu, ndi kumuvula pagulu popanda kumukhudza. Sumaiya anatenga mpango wake nati akupita kwa azakhali ake, dzina lawo a Tatu, kukathandiza kukonza za ulendo. Latif sanakhulupirire. Kutangoda anatenga zingwe zija, nalunjika ku galaja, mtima ukumuuza kuti akawapezerera awiriwo ndi kuwaponyera zingwezo kumaso.

Anakhala kuseri kwa mpanda nthawi yaitali, udzudzu ukumudya. Chimene anaona n'chakuti Che Shafi anadya ndi banja lake pakhonde la nyumba yawo ya mumpandamo, anaswali, anamangirira galu, nazimitsa nyali. Sumaiya sanabwere. Munthu wanzeru akanachita manyazi n'kuthokoza Mulungu. Koma Latif anati mumtima mwake, "Achenjezana. Wina wandiona."

Motero anasiya msewu wa tala nalowa msewu wafumbi wotsikira ku Nkhudzi. Mvula inali itangosiya kumene masiku amenewo, ndipo chimanga chinali chitatalika mbali zonse ziwiri ngati makoma. Mwezi unali wochepa, wobisalabisala m'mitambo. Patali, kunyanja, nyali za asodzi a usipa zinkaoneka ngati mudzi woyandama, koma pamsewupo panalibe munthu, panalibe njinga, panalibe ngakhale galu. Iye sanazindikire kuti ali yekha, chifukwa m'mutu mwake munali modzaza anthu. Ankaona Che Shafi akumwetulira. Ankaona mwana wobadwa ndi mphuno ya Che Shafi. Ankamva madalaivala anzake pa siteji ya Monkey Bay akunong'onezana iye akamadutsa. Zonsezi anazipanga yekha, ndipo zinamuwawa ngati zoona.

Anadutsa mlambe waukulu umene uli pamphambano. Anadutsa manda a mudziwo, pamene mitengo imakumana pamwamba n'kuphimba msewu. Mwambo wake, akamadutsa pamenepo pa galimoto, unali wozimitsa wailesi ndi kupereka salamu kwa ogona m'mandamo. Usiku umenewu anaiwala. Mtima wodzala nsanje ulibe malo a akufa, ngakhale a amoyo.

Kutsogolo pang'ono kunali mlatho, wa simenti, wopapatiza, wopanda zotchingira m'mbali. Dalaivala aliyense wa njira imeneyo amaudziwa, chifukwa polowera pake dothi linakokoloka, moti galimoto imadumpha ikamakwera pa simenti, ndipo a kumbuyo amakuwa. Pansi pake mtsinje unali wodzaza, ukuthamangira kunyanja.

Latif anaima pakati pa mlathowo. Anayang'ana zingwe zija m'dzanja lake. Zinali zabwino, zolimba, ndipo ubwino wakewo ndi umene unamunyansa.

"Galimoto yanga sidzavala mphatso ya chibwenzi," anatero mokweza. Anazipukusa m'mwamba naziponya kumadzi ndi mphamvu zake zonse.

Anadikira kuti amve kuti chubwi.

Sanamve kanthu.

Anatchera khutu. Madzi ankangoyenda. Kenaka anazindikira chinthu china: achule onse anali atasiya kulira. Nkhululu nazo zinali chete. Panamveka fungo... fungo limene iye ankalidziwa bwino, la madzi a nsomba atagonera pa chitsulo. Fungo la dzimbiri.

"Asalamu aleikumu, adalaivala."

Latif anadumpha. Mawuwo anali a mkazi, ofatsa, ochokera kumapeto kwa mlatho, kumene iye anali atangodutsa kumene. Anatembenuka. Panali mayi atakhala m'mphepete mwa simenti, atalendewetsa miyendo. Anavala diresi lalitali ndi mpango woyera kumutu. Phazi limodzi linali ndi patapata wobiriwira. Linalo linali lopanda kanthu.

Anali atadutsa pomwepo. Panalibe munthu!

"Wa... waleikumu salamu," anayankha.

Koma taonani mphamvu ya chizolowezi choipa. Mantha atangotsika pang'ono, ganizo loyamba limene linamubwerera linali la nsanje yomweyo. Anati mumtima mwake, onse ndi amodzi. Uyunso wathawa mwamuna wake, akudikira wina pamlatho. Ndipo analimba mtima, nafunsa ndi mawu a woweruza.

"Mayi, usiku uno muli pano nokha? Amuna anu akudziwa?"

"Ali kutsogolo," anatero mayiyo. "Anati ndikhale kumbuyo."

Latif anayang'ana kutsogolo kwa msewu. Kunali mdima wokhawokha.

"Kutsogolo kuti?"

"Satembenuka. Ndamenya pa bodi. Ndaitana. Akweza wailesi."

Apa m'pamene Latif anaona chimene maso ake ankakana kuona. Mayiyo sanakhale bata. Thupi lake linkagwedezeka, uku ndi uku, m'mwamba ndi pansi, monga agwedezekera munthu wokhala pa galimoto yoyenda mumsewu wa mabampu. Manja ake anagwiritsa m'mphepete mwa simenti. Mpango wake unkauluka cham'tsogolo, kumaso kwake, ngati mphepo ikumuomba kuchokera kumsana.

Kunalibe mphepo. Masamba a chimanga anali zii.

"Mwagwetsa izi," anatero.

Pamiyendo pake panali zingwe ziwiri zija. Zinkadontha madzi.

Latif anafuna kunena mawu othawira kwa Mulungu, amene anawaphunzira ku madrasa ali mwana. Lilime linakana.

Mayiyo anazisisita zingwezo mwachikondi, monga mkazi asisitira nsalu yatsopano. "N'zanga zimenezi? Mwachedwa nazo, adalaivala. Mwachedwa nazo ndithu."

"Ndinu... ndinu yani?"

"Ndimakwera nanu tsiku lililonse. Simundiona? Inunso simutembenuka."

Latif anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Kenaka lina.

"Ndamva kuti mawa tikhala awiri," mayiyo anapitiriza, mawu ake ali okondwa ngati a munthu amene wasungulumwa nthawi yaitali. "Musadandaule. Malo alipo. Ndimusendererako." Anawerenga pa zala zake. "Iyayi, ndalakwitsa. Atatu. Ndi wam'mimbayo."

Ndipo anatembenuza mutu kuti amuyang'ane bwino. Mwezi unatuluka mumtambo. Nkhope yake inali yosalala, yaulemu, ya mkazi wamng'ono, ndi kachipsera pachibwano. Koma mpango uja unali woyera kutsogolo kokha. Kumbuyo kwake unali wakuda. Wonyowa. Ndipo pamene payenera kukhala nkhongo yozungulira... panali pophwatalala.

"Mayo!"

Latif anathawa. Sanasankhe njira, miyendo inasankha yokha. Anapunthwa. Anadzuka. Chipewa chinagwa. Sanachitole. Mtima unkagunda m'makutu. Koma pansi pa kugundako ankamva china, kumbuyo kwake, chosafulumira.

Phya... tswii. Phya... tswii.

Phazi la patapata. Phazi lokokera pansi.

Anawonjezera liwiro. Chifuwa chinkapsa. Phokosolo silinatalikire. Silinayandikirenso. Linali pomwepo, pamtunda womwewo, monga chitseko cha kumbuyo chitsatira galimoto kulikonse kumene ipita.

Phya... tswii.

Sanatembenuke. Ngakhale pamenepo sanatembenuke!

Anaona nyumba zoyamba za mudzi. Anaona mzikiti. Anakhota pa mtengo wa mango, nalowa pabwalo pake, akupuma ngati ng'ombe yothawa mpeni. M'nyumba munkayaka nyali. Pakhomo panali nsapato za Sumaiya, zitaikidwa bwinobwino pambali pa mtsuko. Mkazi amene iye anakamusaka ku galaja anali m'nyumba mwake nthawi yonseyo.

Phokoso lija linasiya.

Latif anagwira mawondo, napuma. Anati zatha. Kenaka anakweza maso kuyang'ana galimoto yake.

Madzulo aja, atakweza matumba a mpunga, anatseka chitseko cha kumbuyo ndi manja ake, nakoka zokowera zonse ziwiri. Tsopano chinali chotsitsidwa. Thumba limodzi linali litasunthidwa kufika pa chitsekopo, mbali ya kumanja, litaimikidwa ngati munthu wokhala. Ndipo pambali pa thumbalo, mbali ya kumanzere, panali mayi uja, miyendo ili lendee.

Anamwetulira. Anasisita thumbalo pamwamba, monga mkazi asisitira mnzake pamsana.

"Apa," anatero. "Akhala apa."

Thwaa!

Kulira kwake kunali ngati kwa mfuti. Chingwe cha kumanja chinaduka. Chitseko chinapendekera pansi mbali imodzi, ndipo thumba lija linatsetsereka, linatembenuka m'malere, n'kumenya pansi ndi mutu wake. Linaphulika. Mpunga unamwazika pabwalo lonse, woyera mbee pa mwezi.

Pa chitseko panalibenso munthu.

Chitseko cha nyumba chinatseguka, ndipo Sumaiya anatuluka ndi tochi ya pafoni. Anaunika mwamuna wake, amene anali atakhala pansi m'fumbi, wopanda chipewa. Anaunika chingwe chodukacho, chimene chinkalendewera, ndipo m'kati mwa mphira yake munkatuluka fumbi lofiira ngati la njerwa. Anaunika thumba lophulika lija, ndipo kuwalako kunakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Galimoto itaima," anatero Sumaiya motsitsa. "Thumba limodzi lokha, galimoto itaima. Nanga pamlatho paja?"

Latif analoza m'galimoto. Sumaiya anaunikamo. Pamwamba pa matumba otsalawo panali zingwe ziwiri zatsopano, zitagonekedwa pamodzi mwadongosolo, zonyowa, ndi kaudzu ka mumtsinje katakola pa mphete.

Usiku umenewo Latif sanagone. Anakhala pamkeka, nsana uli kukhoma, mpaka azana, kuitana kwa pemphero la m'bandakucha. Ankayembekeza kuti kukacha mkazi wake amukalipira, ndipo iye apepesa, nkhani n'kutha. Amuna ambiri amaganiza motero, kuti kupepesa ndi sopo wochapa chilichonse. Koma atabwerako ku mzikiti anapeza Sumaiya atavala kale, chikwama chili m'manja, azakhali ake a Tatu akumudikira pamsewu.

"Amayi, dikirani," anatero Latif, ulemu umene anautaya dzulo utabwerera. "Ndikonzetsa galimoto m'mawa uno. Mukhala kutsogolo."

"Tikwera minibasi," anayankha Sumaiya. "Mpunga wotsalawo mubweretse, ndi wa sadaka ya mayi anga, si wanga. Mukafika ku Katuli mukawapeze amalume. Funso munandifunsa dzulo lija mukalifunsenso pamaso pawo, kuti akuyankheni iwo. Ine yankho lake ndilibe."

Sanakweze mawu, sanalire. Anatembenuka napita, ndipo a Tatu sanamupatse n'komwe moni mkamwini wawo.

Latif anamangirira chitseko chija ndi chingwe cha ukonde, nayendetsa galimoto pang'onopang'ono kupita ku galaja. Pamlatho anatseka mawindo onse ngakhale kunali kutatentha kale. Anapeza Che Shafi akutsegula geti, ndipo kwa nthawi yoyamba anayamba ndi iye kupereka salamu.

Che Shafi anayankha salamuyo, nayang'ana chingwe chodukacho. Anatenga mpeni nang'amba mphira yake kuyambira pamwamba mpaka pansi. M'kati munalibe waya woti n'kumutchula waya. Munali dzimbiri lokhalokha, longa fodya wopera, ndi timawaya tiwiri kapena titatu toonda ngati tsitsi.

"Pali amene wavulala?" anafunsa.

"Thumba la mpunga."

"Alhamdulillah." Che Shafi anapuma mozama, ngati munthu amene watula katundu amene anamusenza nthawi yaitali. "Nanga chemwali ali kuti?"

"Apita pa minibasi." Latif anayang'ana pansi. Kenaka mawu anatuluka okha, osawakonza. "Che Shafi, usiku ndinakumana ndi mayi pamlatho wa ku Nkhudzi. Wa mpango woyera. Wa kachipsera apa, pachibwano. Anati amakwera nane tsiku lililonse. Anati amuna ake anamuuza kuti akhale kumbuyo."

Mpeni unagwa m'dzanja la Che Shafi.

Kenaka anatola sikuludiraiva, napita pa chitseko chija, nakanda utoto wabuluu pakona. Pansi pake panatuluka utoto woyera.

"Munaigula kwa yani galimoto imeneyi, Che Latif?"

"Kwa munthu wina wa ku Mangochi. Iye anaigula kwa wina."

"Winayo anali Swadick, mlamu wanga. Inali yoyera nthawi imeneyo. Anaipaka utoto kuti igulike, chifukwa kuno palibe amene akanaikwera. Inu munali musanasamukire kuno, ndipo anthu sakonda kuuza munthu kuti chimene wagula chili ndi magazi. Ine ndinaizindikira tsiku loyamba lomwe munaima pano kupopetsa tayala. Ndinaona zingwe zosiyana, china chatsopano, china chakale. Swadick anasintha chokhacho chimene chinaduka. Chinzake anachisiya, ati chikadali bwino."

"Chinaduka... liti?"

"Ndinayesa kukuuzani. Munati ndikufuna kukudyerani. Ndiye ndinauza chemwali, chifukwa ndi iwo amene ndinkawaopera." Che Shafi anatulutsa foni m'thumba la ovolosi, nafufuza ndi chala chakuda ndi girisi, naitembenuzira kwa Latif. Chinali chithunzi chojambulidwa kuchokera pa chithunzi china chakale. Mkazi wamng'ono, wa nkhope yosalala ndi yaulemu. Kachipsera pachibwano.

Anali mayi wa pamlatho uja.

"Asiatu," anatero Che Shafi. "Mlongo wanga, wobadwa pambuyo panga. Chipseracho ndinamupweteka ndine ndi legeni tili ana. Swadick ankamuganizira kuti akuyenda ndi munthu wina wogula nsomba wa ku Limbe, chifukwa choti anamupatsa moni kawiri pa doko. Panalibe kanthu, Che Latif. Mulungu ndi mboni, panalibe kanthu. Tsiku lina anamutsitsa kutsogolo pamaso pa anthu, namukhazika pa chitsekochi, kumanzereku, kuti amuchititse manyazi. Galimoto itadumpha pamlatho paja, chingwe chinaduka. Anagwa chagada, mutu pa simenti. Swadick anali atakweza wailesi kuti asamve kulira kwake. Anazindikira atafika pa tala pano kuti kumbuyo kulibe munthu."

"Anavala patapata mmodzi," Latif ananong'ona. "Wobiriwira."

"Winayo tinamupeza m'galimoto momwemu, atakola pa dengu." Che Shafi anabweza foni m'thumba, napukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tinamuika tsiku lomwelo, m'manda aja mumadutsa musanafike pamlatho. Mvula ya chaka chino ndi yachisanu ndi chiwiri chimuikireni."

Che Shafi anamasula chingwe cha kumanzere chomwe, ngakhale chinali chisanaduke, nati zingwe zimenezi zimasinthidwa zonse pamodzi, chifukwa zimamwa madzi amodzi. Anamanga zatsopano zija, zomwe zinali zisanaume, nakwera pa chitsekocho iye mwini, nadumphapo ndi thupi lake lonse kuti Latif aone. Chinagwira.

Inu amene muli ndi akazi ndi magalimoto, musadikire kuti akufa adzuke kudzakuphunzitsani zimene amoyo akukuuzani masana. Asiatu anabwerera kamodzi, chifukwa cha mkazi mnzake. Sikuti adzabwerera aliyense. Ng'ambani mphira muone waya, ndipo mukamva mtima ukukuuzani za mkazi wanu zimene maso anu sanaone, ung'ambeninso umenewo muone chimene chikuudya.

Latif ananyamuka kupita ku Katuli dzuwa litakwera, chitseko chili chotseka, kukayankha pamaso pa amalume a mkazi wake funso limene anafunsa yekha. Anawoloka Shire, nayamba kukwera mapiri, wailesi ili yozimitsa. Mpando wa pambali pake unali wopanda munthu. Ndipo njira yonseyo, pa bampu iliyonse, ankatembenuka kuyang'ana kumbuyo.